Tsiku Limene a Chikopa Anabweza Hatchi M'mbuyo

Uthenga wa imfa ya a Chikopa unandipeza ku nazale ndikuthirira fodya. Anaimba foni ndi mdzukulu wawo wa ku Phalombe, munthu woti sindinamuonepo. Anati agogo anaikidwa kale, koma asanamwalire ankatchulatchula anthu a ku Kasungu, ndiye anaona kuti ndi bwino atiuze. Ndinathokoza. Ndinamaliza kuthirira, chifukwa fodya wa pa nazale samva za maliro. Kenaka ndinakhala pa mzere, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwanga si nkhope yawo ayi, koma dzanja lawo lili pamwamba pa hatchi ija ya chesi.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndinena monga ndikukumbukira. Pena ndidumpha, mundikhululukire.

A Chikopa anali tenanti ngati ife, pa esiteti ina ya fodya wa bale kuseri kwa Lisasadzi. Anabwera kalekale pa lole ya bwana, iwo ndi akazi awo, kuti alime chaka chimodzi apeze malata abwerere kwawo. Chaka chimodzicho chinawameretsa imvi. Ine ndinawapeza ali okalamba kale, aafupi, mwendo wamanzere akukoka, chifukwa mwala unawagwera ku mgodi ku Joni ali mnyamata. Nthawi yothyola, manja awo ankada bii ndi utomoni wa fodya mpaka m'zigongono. Koma kusuta ayi. Ankati munthu amene wamulera fodya kuchokera ku nazale amamudziwa khalidwe lake, sangamuike pakamwa.

Chesi anaiphunzira m'chipatala ku Joni komweko, mwendo uli m'mwamba. Anawaphunzitsa ndi munthu wa bedi loyandikana, amene sankamvana naye chilankhulo. Ankangolozerana. Atafika kuno anasema okha tizidutswa tonse ndi mpeni, theka anatisiya toyera, theka anatidetsa ndi oyilo wakutha wa thirakitala. Bolodi lake linali chitseko chakale, timabwalo anatiwotcha ndi chitsulo chamoto. Chitsekocho anachigoneka pa zitsa ziwiri kumapeto kwa chigafa chachitali, kumene mthunzi umafika dzuwa likapendeka. Lamulungu lililonse masana, anthu tinkasonkhana pamenepo.

Kwa amene simunaionepo, mbali iliyonse ili ndi mfumu yake, ndipo ukaitsekera mfumu ya mnzako kuti isowe kothawira, wapambana. Pali dona, amene ndi wamphamvu kuposa onse, amayenda kulikonse. Pali mabishopu, pali nkhokwe, pali hatchi imene imadumpha anzake mokhota. Kutsogolo kuli ting'onoting'ono tambiri, toyenda kutsogolo kokha, toyamba kudyedwa. Ife tinkatitcha matenanti. A Chikopa dzinalo sankalifuna. Ankati kakang'onoko kakafika kumapeto kwa chitseko kamasanduka dona, nanga ndani anaonapo tenanti atafika kumapeto kwa munda n'kusanduka kanthu?

Malamulo awo anali ochepa. Kubetcha ayi. Oonerera alankhule mmene angafunire ngati pa bawo, koma chala chisaoloke chitseko. Ndipo lalikulu linali lakuti wagwira wayenda: chimene wachikhudza uchiyendetse, ndipo ukachisiya sichibwerera. Tsiku lina kapitawo wa pa esiteti anayendetsa dona wake molakwika, n'kufuna kumubweza. A Chikopa anangotola tizidutswa tonse, kuthira m'kathumba, n'kukhalira. Chaka chimenecho fodya wawo kapitawo anamuika m'magiredi apansi, tonse tinaona. Iwo osadandaula.

Ndisanamize, sanali munthu wophweka. Pakamwa pawo panali powawa. Wophunzira sankamumvera chisoni, ngakhale mwana, ankamudya mpaka alire. Mwana wawo wamwamuna anathawira ku Zambia chifukwa cha pakamwa pomwepo, ndipo sanabwerenso ngakhale pa maliro a mayi ake. Koma chondidabwitsa ndi ichi. Munthu yemweyo bwana akatulukira pa galimoto, chipewa chinkatsika msanga kuposa cha tonse. Inde bwana, zikomo bwana, mwalondola bwana. Utenanti umaphunzitsa zimenezo. Wamkulu usamupambane pamaso pa anthu, ngakhale ukuona kuti sikelo ikunama, chifukwa chimanga chimene udye mwezi wamawa chili m'manja mwake. Ine ndimaganiza kuti mwina munthu aliyense amafunika kamalo kamodzi kumene sagwada. Kwa a Chikopa kamaloko kanali chitseko chija.

Anachoka mvula yoyamba itagwa. Lole yopita ku boma inawatenga pamodzi ndi matumba a anthu ena. Katundu wawo anali mphasa, ndowa, ndi khasu. M'mawa wa tsikulo anapita kaye ku kankhalango ka kumalire a esiteti, kumene timaika matenanti omwalira kutali ndi kwawo, anakalambula pa manda a akazi awo. Tizidutswa ta chesi sanatenge. Koma ndathamanga, ndiyambe ndanena za a Mwale.

A Mwale anali a m'mudzi wa tsidya la dambo. Munthu wa minda yake, ng'ombe ndi ngolo, mkulu wa mpingo, ndiponso mwini mbumba, kutanthauza kuti alongo awo ndi ana awo onse nkhani ya malo ankamvera iwo. Anafika pa chigafa tsiku loyamba akufunafuna mbuzi yosokera. Anaima kumbuyo kwathu, mbuzi anaiiwala. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankaoloka dambo, jekete ili pathupi, kampando kali m'manja. Anthu a m'mudzi ankadabwa kuti munthu wolemekezeka chotere akufunanji ku zithando za matenanti.

Ndipo ankaluza. Zaka zonse zija sindinaone a Mwale atapambana. A Chikopa ankawanena kuti Achewa mutu unathera ku mbewa, a Mwale n'kubweza kuti kudya njoka kumachenjeretsa koma sikupatsa munda. Ankasekana choncho. A Mwale ankabwera ndi mtedza kapena mbatata, nthawi ya njala kathumba ka ufa, osanena kuti ndi thandizo. Ankangoti n'zoti tizitafuna poganiza.

Zinali zaka za makuponi. Kumidzi anthu ankalandira makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo, ngakhale kuti nthawi zambiri thumba limodzi ankagawana mabanja angapo. Ife matenanti zinkatidutsa, chifukwa tenanti alibe mudzi. Kwanu anakuiwala, kuno sakuwerengera. Feteleza amene tinkamugwira anali wa bwana, wa fodya wa bwana.

Chaka chimene anachokacho, fodya atatha kugulitsidwa, kapitawo anauza a Chikopa kuti munda sapatsidwanso. Mizere yawo inkatsalira, akuti, ndipo nyumba ikufunika banja lina mvula isanagwe. Nanga apite kuti? Ku Phalombe anali mkamwini, malo anali a kuchikazi, ndipo mkaziyo ali m'kankhalango kaja. Kwa abale awo minda inagawidwagawidwa mpaka kutsala ngati mphasa. Chimene ankafuna n'kamalo kochepa m'mudzi wa a Mwale, amange kanyumba, awerengedwe ngati munthu wa pamudzi, azigawana nawo thumba, ndipo azitha kuoloka dambo kukalambula manda aja.

Kupempha okha sakanatha. Anatuma a Nyirenda, mlonda wa zigafa, munthu wa ku Mzimba, ndi nkhuku. A Mwale anayankha kuti amva, koma malo ndi a mbumba, ayambe akhala pansi ndi alongo awo. Masabata anadutsa. A Mwale ankabwera, ankasewera, ankaluza, ankapita. Za malo osatchula, a Chikopa nawonso osafunsa. Uku kumwamba mitambo yayamba kusonkhana madzulo.

Lamulungu limene ndikunenalo kunatentha kwambiri. Zigafa zinali zopanda fodya, mikangala yopachikapo fodya yokhayokha. A Mwale anabwera ndi akamwini awo awiri, zimene sanachitepo. Anati abwera ndi mboni, chifukwa lero munthu wa kumwera alira. Ndipo zoona anasewera bwino. Dona wawo ndi bishopu anafika pafupi ndi mfumu ya a Chikopa, kwatsala pang'ono kuitsekera. Chimene chinkatchinga njira ndi hatchi yakuda ya a Chikopa basi. Woyenera kuyenda anali a Chikopa.

Pamenepo panafika mayi wina akuthamanga kuchokera ku mudzi. Anati alongo awo a a Mwale agwirana pa nkhani ya kuponi, wina akuti thumba agawane atatu, wina akuti awiri, ndipo afika potukwanizana. A Mwale anadzuka monyinyirika, anatenga akamwini aja, n'kunena kuti pasapezeke wogwira kanthu, abwera.

Atangotsikira ku dambo, a Nyirenda anagwada pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo. Iwo ndi amene anayamba kuiona njira yopambanira. Anati taonani, hatchi ikadumphira kutsogolo apa, iopseza mfumu ndi dona nthawi imodzi. Mfumu iyenera kuthawa, dona adyedwa, a Mwale atha. Tonse tinaunjikana. Ena ankati ayi, nkhokwe ibwere idzatchinge kaye. Ena ankati kankhani tenanti wa pakona mfumu ipeze popumira. A Nyirenda anawaonetsa mmodzimmodzi kuti zonsezo n'zochedwa, hatchi ndiyo yankho. Tinavomereza, ena mpaka kuseka poganiza nkhope za akamwini aja.

Amene sanaseke ndi Layisoni, tenanti wa ku Dedza, munthu woti anazungulira maesiteti ambiri.

"Inu mukuona matabwa," anatero. "Ine ndikuona munthu amene wabwera ndi akamwini ake. Madala, mukamudya dona pamaso pa akamwini, malo aja muwaiwale."

A Nyirenda anati yayi, a Mwale aluza zaka zonsezi ndipo sanakwiyepo. Layisoni anati n'zoona, koma ankaluza pamaso pa matenanti, ndipo matenanti si anthu oti ungachite nawo manyazi. Lero n'zina. Anati munthu sabwera ndi mboni pachabe, akufuna kakuti akanene kumudzi, ndiye mpatseni. Munthu wokondwa dzanja lake limafewa. Anatikumbutsa za kapitawo uja ndi magiredi apansi. Anafunsa kuti alipo pano amene anapambanapo wamkulu n'kupindula?

Pamenepo mkangano unatembenuka. Sitinkakangananso za mmene a Chikopa angapambanire, koma mmene angaluzire bwino. Wina anati angopereka nkhokwe. Layisoni anati zimenezo zichedwa, masewera atalika, mwina a Mwale alakwitsanso okha. Wina anati akankhe tenanti wopanda ntchito. A Nyirenda, ngakhale ankakana zonsezo, anati pamenepo hatchi ikhalabe ikutchinga, palibe chimene chisinthe. Mapeto ake anagwirizana kuti njira yachangu ndi kuchotsa hatchiyo, ibwerere m'mbuyo ngati ikuthawa, dona apeze khomo. Zioneke ngati maso a ukalamba.

Mayi Nasibeko, amene ankatigulitsa thobwa, anangoti amuna inu, mitambo iyo mukuiona? Munthuyu agona kuti?

A Chikopa sanalowerere. Ankangosisita mwendo wawo uja. Pa mikangano ya masiku ena ankatitukwana tonse kuti mitu yathu ndi maungu, koma tsiku limenelo ayi. Patapita nthawi anafunsa funso limodzi.

"A Nyirenda, nkhuku ija anailandira ndi manja awiri kapena limodzi?"

A Nyirenda anaganiza, n'kunena zoona, kuti a Mwale sanaigwire, anauza munthu wina kuti akaiike m'khola. A Chikopa anagwedeza mutu. Anayang'ana cha ku kankhalango kuja, kenaka pa chitseko.

A Mwale anabwera thukuta lili kamukamu, jekete ili paphewa. Anakhala pa kampando kawo n'kunena kuti azimayi a kwawo akufuna kuwapha asanadye mfumu ya munthu. Akamwini anaima kumbuyo. A Chikopa anatambasula dzanja, linaima pamwamba pa hatchi nthawi yaitali. Anaigwira. Anaibweza m'mbuyo, m'mphepete mwa chitseko.

Layisoni anayamba kudandaula mokweza kuti aa madala mwalakwitsa, monga tinapangana. Mkamwini mmodzi anaomba m'manja, chifukwa ngakhale iye anaona khomo. A Mwale sanasunthe. Anayang'ana hatchi, anayang'ana pamene inayenera kudumphira. Zinaoneka kuti njira yonse ya ku dambo ankaganiza za hatchi yomweyo, anali ataiona kale ngozi yawo.

"Hatchi iyi inali ndi njira," anatero.

"Maso akalamba, a Mwale."

"Ibwezeni."

"Wagwira wayenda. Lamulo mukulidziwa."

A Mwale anatiyang'ana tonse, mmodzimmodzi. Palibe amene anapirira maso awo. Analankhula motsitsa, ngati akuuza a Chikopa okha.

"Kunyumba akamwini amandivomera. Ku tchalitchi amandivomera. Ine ndimaoloka dambo lija kudzafuna munthu mmodzi wondimenya zoona. Nanunso mwandivulira chipewa, a Chikopa?"

Dona wa a Mwale anali pomwepo, kuyenda kamodzi kokha masewera akanatha. A Mwale sanamugwire. Ananyamula kampando kawo, n'kutsikira ku dambo, akamwini pambuyo.

Layisoni anati asiyeni, mtima utsika, Lamulungu abwera. Sanabwere. A Chikopa tizidutswa sanatole monga ankachitira. Anatisiya mmene tinaliri, anaphimba ndi chiguduli, n'kutsamiritsa miyala m'mbali. Lamulungu lililonse ankavundukula, n'kukhala mbali yawo, kuyang'ana njira ya ku dambo. Wina akati tiyeni tiyambe ena, ankati pachitseko pali masewera a eni ake. A Nyirenda anadzipereka kuti akapepese m'malo mwawo. A Chikopa anakana. Anati akapepese kuti chiyani, kuti ndinaluza? Chimene ndinayenda ndinayenda. Ndiye mvula inagwa, lole inabwera, monga ndanena kale.

Ndakhala ndikuganiza kuti analakwa ndani. Layisoni sanali munthu woipa, ananena zimene moyo unamuphunzitsa, ndipo kwa kapitawo kapena kwa bwana zikanagwira ntchito. Vuto n'lakuti ife tinazolowera kuona aliyense wokhala ndi malo ngati bwana. Nzeru ina tinalibe. Kaya mwina a Mwale nawonso akanaganiza kuti munthu amene madzi afika m'khosi sasewera ngati munthu wokhuta. Sindidziwa. Ndimangozungulira pomwepo.

Nditalandira foni ija ndinapalasa njinga kukawauza a Mwale, chifukwa pano ndimalima cha ku Chisemphere. Ndinawapeza pakhonde, maso achita khungu, akalamba zedi. Nditanena, analoza ndi ndodo cha kumunsi kwa mudzi, ngakhale sakuona. Anati kuyambira pa chulu mpaka pa mkuyu, amenewo anali malo a a Chikopa. Alongo awo anali atavomera sabata yomweyo. Akamwini aja sanabwere nawo kudzaonerera chesi ayi, anabwera nawo kuti masewera akatha akamuonetse malire ndi kumudulira mitengo ya nyumba.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunatume munthu. Anati ankadikira. Ankati mwamuna uja aoloka dambo, adzawatukwana kuti Achewa mutu unathera ku mbewa, adzati tiyeni tiyambirenso, ndiye iwo adzamuonetsa chulu. Anati sankafuna kupereka malo kwa munthu wogwada, ankafuna kupereka kwa mnzawo. Anamva za lole itapita kale. Pamalopo pano adzukulu awo amalimapo chimanga.

Ndisanatsanzike anandifunsa ngati chitseko chija chilipo. Ndinati ndikaona.

Ndinadzera konko pobwerera. Esiteti ija fodya anasiya, pano amalima soya ndi thirakitala, zithando za matenanti anagumula. Kankhalango ka manda kachepa, pulawo imadya pang'ono chaka chilichonse, ndipo manda a akazi awo a Chikopa sindinathe kuwazindikira. Chigafa chachitali chinagwa, kwatsala nsanamira zingapo zopendama. Chitseko chiswe chinadya kalekale. Tizidutswa kaya anatola ana, kaya tinawolera m'dothi, ndinafukula ndi phazi osapeza kanthu. Zitsa ziwiri zija zokha zilipo, udzu wamera pakati pake. Mbali imene ankakhala a Chikopa pali mwala wosalala umene unali mpando wawo. Mbali inayo palibe chilichonse, chifukwa a Mwale ankabwera ndi kampando kawo n'kubwerera nako. Njira ya ku dambo inatsekeka ndi tsekera.

Ndinaima pamenepo mpaka mthunzi wa nsanamira unafika pa zitsa. Mwa malamulo awo a Chikopa, masewera aja sanathe. Woyenera kuyenda ndi a Mwale.